Madzi Amene Ndinawaza pa Nsawa za Gulu

Moni amayi nonse. Mundikhululukire ndikamayang'ana pansi, si mwano, ndi mmene ndinabadwira. Kusikola ndinalekera kwarta klasi, kalasi yachinayi, ndipo ngakhale kumeneko aprofesora ankachita kubwera pafupi kuti amve yankho langa. Dzina langa ndine Lusiya, koma kwathu ku Chidzolomondo amanditchula make Inesi. Dzina limeneli ndimalikonda kwambiri, chifukwa panali nyengo ina pamene Inesiyo sankagona m'nyumba mwanga. Anachita kundichotsera, ndipo amene anandichotserawo sanalakwe. Ndabwera kudzakuuzani mmene zinayendera.

Ndamva kuti inu kuno ku Ntengo-Wambalame mwayamba gulu lokazinga mbatata zopyapyala zoika m'mapaketi, ndiponso kuti pali munthu amene wakuuzani za msika wakunja. Ife tinadutsa njira yomweyo, kungoti ife ndife a nsawa, zimene ena mumati mtedza.

Gulu lathu anayambitsa ndi mayi Joakina. Iwowa ndi malemu amayi anga anakhala moyandikana ku Malawi nthawi ya nkhondo, ndipo anabwerera limodzi nkhondo itatha. Kumeneko mayi Joakina ankadyetsa ana awo pogulitsa dose. Dose mukumudziwa: umakazinga nsawa, kuzipukusa, kusungunula shuga m'chiwaya mpaka afiire, kuthiramo nsawazo, kuyala pathebulo ndi kudula tizidutswa asanaume. Amayi atamwalira, ine nditangokwatiwa, mayi Joakina anabwera kwathu nandipeza nditakhala kuseri kwa nyumba.

"Iwe Namanyazi," anatero, pakuti ndi mmene amanditchulira, "pakamwa pako ndi polemera, tikudziwa. Nanga manjawo nawonso ndi amanyazi? Tiye ukaphike."

Ndinapita, ndipo ntchitoyo inandiyanja. Dose safuna kulankhula. Amafuna maso, kuti uone pamene shuga wafika, asanapserere. Pasanathe nthawi chiwaya anandisiyira ine. Tinkagulitsa kumsika wa ku Furancungo ndi kwa anyamata a mota, njinga zamoto zija, opita nawo kutali.

Ndiye kunabwera bambo wina wa ku Tete, wogula ndi kutumiza zinthu kunja. Analawa dose wathu, natenga wina m'thumba. Atabweranso anatiuza kuti kutsidya kwa nyanja, ku Portugal, kuli masitolo kumene anthu a kuno okhala kumeneko amafunafuna zakudya za kwawo, ndiponso kuti azungu eni ake amakonda zotafuna zopangidwa ndi manja. Anati dose amene anatenga uja anamuyeza ndipo anapezeka wabwino. Tsopano ankafuna makatoni ambiri.

Amayi, tinavina. Mana Selestina, mnzathu wina wosasowa chonena, anati, "Ine sindinafikepo ngakhale ku Beira, koma dose wanga akukakwera ndege. Akakafika andilembere!"

Bamboyo anatichenjeza chinthu chimodzi, ndipo anachibwereza m'Chipwitikizi ndi m'Chichewa. Anati kunjako amaopa chuku, nkhungu ija imamera mu nsawa zikagwira chinyezi. Anati chuku china sichioneka ndi maso, sichifa ndi moto, ndipo chimawononga chiwindi pang'onopang'ono, makamaka cha ana. Anati, "Nsawa zisaone madzi." Tonse tinavomera.

Tsiku limene anatipatsa loperekera katundu linali pafupi. Tinagawana matumba a nsawa zamakoko kuti aliyense akaswere kwawo, kenako tidzakhuthulire pamodzi. Inali nyengo yozizira. Nsawa zouma bwino mumadziwa mmene zimalumira zala. Chala changa chachikulu chinang'ambika, magazi kumatuluka, Inesi ali pamwendo akufuna bere, bambo ake ali kutali ku minda ya fodya. Matumba anga sanali kutsika.

Ndinachita zimene ndinaona amayi anga akuchita kuyambira ndili mwana. Ndinatunga madzi m'kapu, ndinawaza pa nsawazo, ndinaphimba ndi saka kuti makoko afewe. M'mawa mwake zinkasweka ngati mazira. Ndinati mumtima, timadzi tochepa chonchi tingalakwenji, si mmene timachitira chaka ndi chaka? Ndinaziika m'thumba la pulasitiki zisanaumenso, ndinamanga, ndinadikira tsiku lokhuthulira pamodzi.

Tinaphika, tinadula, tinamata mapaketi. Makatoni anakwera galimoto ife tikuimba.

Makatoniwo anabwerera onse. Bambo uja anatsika ndi nkhope yogwa, nati katundu sanafike n'komwe kudoko. Anamuyeza asananyamuke ndipo anapeza chuku chochuluka. Anafunsa mofatsa ngati wina ananyowetsa nsawa. Palibe anayankha. Ine ndinamva ngati dziko lonse likuyang'ana chala changa chomanga kansanza. Shuga wa gulu, nkhuni, nsawa za chaka chonse, zonse zinathera pamenepo. Mana Selestina, amene sakhala chete ngakhale pamaliro, tsiku limenelo sanatsegule pakamwa. Ndinati, taonani zimene ndawachita anthu awa.

Anatiuza kuti tikumbe dzenje tikwirire dose yense. Tinakumba. Koma ine, pokhala munthu wokulira m'nyumba yosataya shuga, ndinadzaza balde limodzi ndi dose, ndowa yathunthu, mobisa n'kukaliika kuseri kwa mphasa kwathu. Sindikudziwa chimene ndinkafuna kuchita nalo. Kugulitsa sindikanatha, kutaya mtima sunalole.

Kuchokera pamenepo zinatsetsereka msanga. Ndinasiya kupita kugulu. Ndinasiya kutchalitchi, poopa kukhala benchi limodzi ndi anthu amene ndinawagwetsa. Kumjigo ndinkapita dzuwa lili paliwombo, pamene kulibe anthu. Pafupi ndi kwathu pali nyumba ina yotcheza kachasu, ndipo kumeneko palibe amene ankandifunsa za nsawa. Ndinayamba ndi kuwatsukira mbiya eni nyumbayo, iwo kundipatsa kakapu koti ndifunde. Kakapuko kanandichitira chinthu chimene palibe anandichitirapo: kanandichotsa manyazi. Ndinkaseka mokweza, ine Lusiya. Ndinkayankha amuna. Kenako ndinayamba kukafuna m'mawa. Ndinagulitsa chiwaya changa. Ndinagulitsa nkhuku. Munda wa nyemba unamera tchire. Bambo a Inesi akabwera kumapeto kwa mwezi ndinkatafuna masamba a gwafa kuti asamve fungo, n'kunama kuti ndikudwala mutu. Inesi anali atayamba kuyenda ndi kulankhula. Ndinkamupatsa chilichonse chimene chapezeka, ndipo masiku ena sichinkapezeka. Tsitsi lake linayamba kufiira. Ndinkaliona, ndipo ndikaliona ndinkapita kukamwa.

Pano ndiyende pang'onopang'ono, chifukwa ndi pamene pali nkhani.

Tsiku lina ndinadzuka nditagona pansi kuseri kwa khitchini, dzuwa litapendeka kale, nyerere zikuyenda pamkono. Ndinamva madzi akukhuthuka ndi mawu a munthu akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi. Ndinakwawa mpaka pangodya ya nyumba. Mayi Joakina anali atagwada pabwalo langa, akusambitsa Inesi m'beseni langa, ndi sopo amene anabwera naye okha. Pambali pawo panali balde lija, lotsegula.

Sanatembenuke. Anati, "Wadzuka, Namanyazi?"

Anapitiriza, manja ali m'beseni.

"Ndamupeza mkono uli m'baldemo mpaka m'chigongono. Masaya onse shuga. Akuti amadya mmenemu masiku onse amayi akagona."

Ndinati, "Wadya wochuluka bwanji?"

"Ukundifunsa ine? Funsa mayi wake."

Anamutsuka kumutu, kuseri kwa makutu, pakati pa zala. Anamupukuta ndi mpango wawo. Sanafulumire, ndipo sanandikalipire. Ine ndinkalakalaka atandimenya, chifukwa kumenyedwa ndikanadziwa kulandira kwake. Atamaliza anamasula kapulana yawo, chitenje chapamwamba chija, nawerama, namuika Inesi kumsana.

"Mwanayu ndamutenga," anatero. "Sindikukulanda, ndikukusungira. Ku Malawi ine ndinagona miyezi ndi chifuwa, amayi ako ndiwo anandiyamwitsira wanga wachisanu. Ndiye usaganize kuti ndikukuchitira chifundo chachilendo. Njira ya kwathu ukuidziwa. Ukamufuna ubwere, koma ubwere wekha. Mnzako wa m'botoloyo atsale."

Anayamba kuyenda. Ine ndinaima, kudikira kuti Inesi alire. Mwana aliyense amalira akamachoka kwa mayi wake. Ndinadikira kuti atambasule manja, anene kuti amama. Amayi anzanga, sanalire. Anagoneka tsaya pamsana pa mayi Joakina, natseka maso, ngati munthu amene wafika pamene ankafuna. Ndinawayang'ana mpaka anabisika ndi chimanga chouma cha kumunda kwa aneba.

Ndinakhala pansi pafupi ndi beseni. Madzi ake anali akuda bii. Ndinakhala ndikuwayang'ana madziwo, ndikudzifunsa kuti ndinamusambitsa liti komaliza. Sindinakumbuke.

Ndisakunamizeni kuti ndinasiya tsiku lomwelo. Ndinakwirira balde lija, inde, koma madzulo ake ndinapita kukamwa, ndipo ndinamwa kwambiri. Chimene chinasintha n'chakuti kachasu sanagwirenso ntchito yake. Ndinkamwa koma tsaya lija pamsana paja silinkachoka m'maso. M'mawa mwake sindinapiteko. Thupi linandilanga. Manja ankagwedezeka, thukuta nyengo yozizira, kusanza. Ndinkamwa madzi ndi phala lamadzimadzi, ndikugwira chitseko kuti miyendo isanditengere kumene inazolowera. Masiku angapo anapita choncho.

Tsiku limene ndinatha kuyenda bwino ndinasamba, ndinachapa bulauzi, ndinanyamuka. Nditafika kwa mayi Joakina manyazi anandigwira, ndinaima kuseri kwa nkhokwe. Pansi pa mtengo wa mango panali amayi a gulu, atazungulira mphasa, akuswa nsawa. Sindinkadziwa kuti gulu linayambanso. Inesi anali pakati pawo, atavala diresi la mwana wina, akusewera ndi makoko.

Anandiona ndi mana Selestina. "Ee, taonani nkhokwe yamera miyendo! Tuluka iwe, tikuona zala zakozo."

Ndinatuluka. Ndinagwada kumapeto kwa mphasa. Ndinali nditakonza mawu njira yonse, koma anatuluka ochepa, ndipo anatuluka motsika.

"Ndine ndinawaza madzi."

"Ati chiyani?" anafunsa agogo ena osamva bwino.

Ndinakweza mawu, mwina koyamba m'moyo wanga ndisanamwe kanthu. "Nsawa zija ndinanyowetsa ndine. Chala chinang'ambika. Ndinawaza madzi, ndinaziika m'thumba zisanaume. Katundu anabwerera chifukwa cha ine."

Kenako mana Selestina anagwira pamimba, nagwa chammbali, kuseka mpaka misozi.

"Mayo ine! Ndiye wakhala ukumwa kachasu wa gulu lonse wekhawekha? Osatigawirako?"

Ndinawayang'ana osamvetsa.

"Mwana iwe," anatero akupukuta m'maso, "ine ndinawaza. Awa anawaza. Agogo awa anachita kuviika thumba lonse mumtsinje."

"Bodza!" anatero agogo aja. "Ndinangoliika pamphepete."

"Pamphepete pa madzi, m'kati mwake!"

Ndinatembenukira kwa mayi Joakina. Anali akusankha nsawa m'lichero. Anati, "Usandiyang'ane choncho. Nanenso. Ndani wa ife anaswapo nsawa zouma matumba onse aja? Tonse tinaphunzira kwa amayi athu. Aliyense anapita kwawo tsiku lija akudziyesa mfiti ya gulu. Tinakhala milungu tikuzembana. Kenako wina analephera kupirira, anaulula pambuyo pa mapemphero, ndipo tonse tinatsatira. Tinalira, tinaseka, tinayambanso. Iwe unali kuti? Tinatuma anthu kawiri konse, unatseka chitseko."

Zinali zoona. Ndinkawamva akugogoda, ine n'kukhala chete m'kati, poganiza kuti abwera kudzandiimba mlandu.

Ndinalira pamphasa paja ngati mwana. Sikuti mlandu wanga unachoka, ayi, madzi ndinawazadi. Koma katundu amene ndinkasenza ndekha anali wa anthu ambiri, ndipo eni ake anali atatula kalekale. Mana Selestina anandikankhira lichero nati, "Lira uku ukuswa, misozi yokha isagwere pa nsawa. Tingabwezeredwenso makatoni."

Inesi anandiyang'ana ali patali. Sanabwere. Ndinafunsa mayi Joakina ngati ndingamutenge.

"Ayi," anatero. "Lero ayi. Uzibwera m'mawa uliwonse. Umusambitse ndiwe, umuphikire ndiwe, pamoto wanga. Madzulo uzipita kwanu. Ndikadzaona ndidzakuuza."

Tsopano ndikuuzeni zimene ndinachita, mwina wina zimuthandiza.

Ndinasintha njira. Yachidule yopita kwa mayi Joakina imadutsa pakhomo pa nyumba ya kachasu ija, ndiye ndinkazungulira kudimba, ngakhale kunali kutali ndi mame. Mpaka lero sindidutsa pamenepo. Sindidziyesa wamphamvu.

Bambo a Inesi atabwera ndinawauza zonse ndekha, asanamve kwa ena. Iwo anati masamba a gwafa aja sankabisa kanthu, ankangosowa poyambira. Anapempha kuntchito kwawo kuti azibwera kunyumba kawirikawiri, ndipo anatero.

Tinapita ndi mwana kuchipatala ku Furancungo, ine ndi mayi Joakina, pa shapa, kaminibasi kaja. Ndinawauza anamwino chimene mwana ankadya, osabisa. Anamuyeza, anandilangiza za phala losakaniza ndi nyemba ndi masamba, anati ndizibwera naye kusikelo. Ndinagwanso kamodzi, ndinamwa pa ukwati wa msuweni wanga. M'mawa mwake ndinapita kukanena ndekha. Mayi Joakina anati, "Wachita bwino kunena. Tenga tsache."

Kugulu nakonso tinasintha kagwiridwe. Palibenso amene amaswera nsawa za gulu kunyumba kwake. Timaswera pamodzi, pamaso pa wina ndi mnzake, osati chifukwa chokayikirana koma chifukwa munthu ukakhala wekha ndi chala chotuluka magazi, kapu ya madzi imakhala pafupi. Tinasonkherana n'kupeza kamakina kopukusa ndi dzanja, ndiye zala zinapuma. Nsawa timayanika pathandala, osati padothi, ndipo tisanasunge timagwedeza khoko kukhutu kuti timve ngati ikulira m'kati. Timasunga m'masaka opita mpweya, pamwamba pa mitengo. Zofota, zosweka ndi zakuda timazichotsa, ndipo zimenezo sitipatsanso ana monga tinkachitira kale, poti kale zabwino zinkapita kumsika, zoipa n'kukhala za nsinjiro zapakhomo. Taganizani, amayi, azungu akutali kuwasankhira zabwino, ana athu kuwapatsa zotsala.

China chimene tinaphunzira ndi kukana. Bambo wa ku Tete uja anabweranso chaka chotsatira, poti anali munthu woleza mtima ndipo iyenso anataya zake. Atatchula makatoni ndi tsiku, mayi Joakina anati, "Amenewo sitingathe. Tingathe theka lake, ndipo mutipatse nthawi." Iye anavomera. Katunduyo anayezedwa, anadutsa, anapita. Sikuti talemera. Wambiri timagulitsabe konkuno ndi ku Tete, wakunja ndi wochepa, ndipo mapepala ake ndi ambiri moti amatithandiza ndi ena odziwa. Koma msikawo ulipodi, si nthano. Kungoti anthu akunjawo sagula ndi lilime lokha ngati ife. Amayeza zimene diso siliona. Inu a mbatata mufunse bwino chimene amayeza pa zanuzo, kaya ndi mafuta, kaya ndi chinyezi, ndipo mufunsenso kuti ndi chizolowezi chiti cha kwathu kuno chimene chingakugwetseni, chifukwa chimakhala chinthu chimene mumachita osaganiza n'komwe.

Ndipo zikadzalakwika, poti nthawi zina zimalakwika, musathawire m'nyumba. Ngati pano pali wina amene wayamba kale kutunga madzi nthawi yopanda anthu, kapena wapeza kakapu komuthandiza kugona, sindikufunsani kuti muimike dzanja. Ine sindikanaimika. Ndikhala panja paja tikamaliza, ndipo ine sindilankhula zambiri, mukhoza kungokhala nane.

Nditsirize ndi tsiku limene ndimalikumbuka kuposa la makatoni.

Inali nthawi yokolola. Ndinali nditamusambitsa Inesi, nditamudyetsa, ndikutsuka mbale kuti ndizipita. Tsitsi lake linali litayambanso kuda. Mayi Joakina anatuluka m'nyumba ndi kathumba ka zovala zake, nakaponya pamapazi anga.

"Tenga katundu wako, Namanyazi. Wandithera ufa mwanayu, amadya ngati wolima ganyu."

Anatero akuyang'ana kumbali, ndipo ndinaona kuti m'maso mwawo munali madzi. Ndinafuna kugwada kuti ndithokoze, koma anati ndisawadetsere bwalo.

Ndinatola kathumbako. Inesi anaima pakati pathu, akuyang'ana uku ndi uku. Ndinaopa kumugwira dzanja, kuti mwina akana pamaso pa anthu. Ndinangoti, "Inesi, tiye kwathu."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, monga amachitira akulu.

"Kwathu kuli chakudya?"

"Chilipo, mwanangu."

"Muphika ndinu?"

"Ndine."

"Simugona?"

Ndinapukusa mutu. Ndinati, "Ndigona iwe ukagona."

Anaganiza pang'ono. Kenako anabwera kumbuyo kwanga, nakoka bulauzi yanga, nakweza manja.

"Ndiberekeni."

Anali atakula, wolemera, woti akhoza kuyenda yekha. Ndinawerama. Ndinamubereka njira yonse yozungulira kudimba ija, ndipo sindinamutsitse mpaka pakhomo.

Zanga ndi zomwezi, amayi. Mulungu amene anandisungira mwana m'manja mwa anthu asunge inunso ndi ntchito yanu.